Wachinyamata Waulumali wa kwa Dzoole Apite Sukulu Iti?

Mawu oyamba

M'dera la Mfumu Yaikulu Dzoole m'boma la Dowa, monganso m'midzi ya m'mapiri a ku Ntchisi, banja lokhala ndi mwana waulumali limakumana ndi funso lovuta mwanayo akayamba kusinkhuka. Akadali wamng'ono, nkhawa ya makolo imangokhala yomuteteza ku moto, ku chitsime ndi ku njinga za pamsewu. Koma akafika zaka 13 kapena 14, pamene anzake ayamba kukamba za mayeso a Sitandade 8 ndi za kusankhidwira kusekondale, makolo amayenera kuganiza za sukulu imene mwanayo angapite, mwinanso n'kumadzifunsa ngati kupitiriza sukuluyo kuli ndi phindu. Ambiri amagwa mphwayi pomwepa. Mnyamata amapatsidwa mbuzi zoti azidyetsa kapena ntchito yosoka fodya m'chigafa, mtsikana amasanduka mlezi wa ana a akulu ake, ndipo nkhani ya sukulu imathera pomwepo.

Ana oterewa si owerengeka ayi. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse a zaka 5 kapena kuposerapo m'Malawi muno ali ndi ulumali wa mtundu wina wake. Kalembera yemweyo anawerenga anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 m'boma la Ntchisi. Munthu sachita kufunika kukhala katswiri wa masamu kuti aone kuti m'maboma awiriwa muli achinyamata aulumali ochuluka zedi.

Sukulu zimene boma limalipira aphunzitsi ake, zimene wachinyamata wotere angapiteko, zili m'magulu atatu: sukulu zapadera zogonera komweko, sukulu za onse zokhala ndi chipinda chothandizira ophunzira aulumali, ndi sukulu yoyendera yapafupi ndi kwawo. M'nkhani ino ndiyerekeza magulu atatuwa. Maganizo anga ndi akuti palibe gulu limodzi loyenera ana onse, ndipo muyeso woyamba posankha uyenera kukhala chiyankhulo: kodi pasukulupo mwanayo adzamva zimene akuphunzitsidwa, ndipo iye akayankha adzamvedwa?

Kumene tachokera

Maphunziro a ana aulumali m'dziko muno anayamba ndi amishoni m'zaka za m'ma 1950, pamene anatsegula sukulu za ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. M'chaka cha 1968 abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC anayambitsa ntchito yophunzitsa aphunzitsi a ana aulumali ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, ndipo pamalo omwewo pali sukulu ya ana osamva ya Maryview. Pambuyo pake panabwera sukulu zina za osamva monga ya Mua ku Dedza, Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, Embangweni ku Mzimba, Bandawe ku Nkhata Bay ndi ina ku Karonga. M'chaka cha 1996 panayambanso maphunziro a aphunzitsi othandiza ana amene amavutika kugwira zinthu msanga m'kalasi.

Chaka cha 1994 chinasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Kuno kwathu boma linachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chaka chomwecho mayiko anakumana ku Salamanca m'dziko la Spain n'kugwirizana kuti ana aulumali aziphunzira pamodzi ndi anzawo m'sukulu za onse. Dziko la Malawi linavomereza pangano la bungwe la United Nations la ufulu wa anthu aulumali m'chaka cha 2009, linakhazikitsa lamulo loona za anthu aulumali mu 2012, kenako lina lolowa m'malo mwake mu 2024. Unduna wa Zamaphunziro unatulutsanso ndondomeko ya maphunziro ophatikiza ana onse ya zaka za 2017 mpaka 2021. Choncho pa malamulo sitinasaukepo. Magulu atatu a sukulu amene tili nawowa ndi zotsalira za nyengo zosiyanasiyana za mbiri imeneyi, ndipo onse akugwira ntchito nthawi imodzi.

Gulu loyamba: sukulu zapadera zogonera komweko

Sukulu monga Chilanga ndi Mua eni ake ndi mipingo, koma aphunzitsi ake amalipidwa ndi boma ndipo silabasi yake ndi ya boma. Ubwino wake ndi woonekeratu. Aphunzitsi ambiri ndi osulidwa ku Montfort, ana m'kalasi amakhala ochepa poyerekeza ndi makalasi a m'midzi mwathu momwe mphunzitsi mmodzi amatha kuyang'anizana ndi ana oposa 100, ndipo zipangizo zimene zilipo zimakhala pamalo amodzi. Mwana wosaona amaphunzira zilembo za Braille, zija za timadontho 6 tomvera ndi zala zimene anakonza Louis Braille wa ku France, amaphunzira kuyenda ndi ndodo yoyera, kuchapa, kusita ndi kudzisamalira. Mwana wosamva amapeza chinthu chimene kumudzi sanachionepo: gulu la anzake oyankhula ndi manja kuyambira m'mawa mpaka usiku. Koposa zonse, pasukulu yotere palibe womuloza chala chifukwa aliyense ali monga iye.

Zovuta zake zilinso zazikulu. Mwa sukulu zonse ndatchula pamwambapa, palibe ndi imodzi yomwe imene ili ku Dowa kapena ku Ntchisi. Mwana wosaona wa kwa Dzoole ayenera kukwera kabaza mpaka pa Mponela, kenako minibasi ya mumsewu wa M1 kudutsa pa Madisi, kuwoloka Bua mpaka ku Kasungu. Wosamva wopita ku Mua ulendo wake ndi wautali kuposa pamenepa, chifukwa ayenera kutsikira kuchigwa cha kunyanja, mbali ya ku Mtakataka. Mwanayo sangayende yekha, choncho thiransipoti imakhala ya anthu awiri, kupita ndi kubwerera, katatu pachaka. Banja lodalira fodya limagwira ndalama miyezi yochepa chabe pachaka. Teremu yachiwiri mu Januwale imafika nkhokwe zitapepuka, ndalama ya feteleza itatha, ndipo mwana woyamba kutsalira pakhomo amakhala uja wa ulendo wodula.

Vuto lachiwiri ndi la malo. Sukuluzi ndi zochepa ndipo zogona zake n'zowerengeka, choncho ana ambiri amadikira. Ena amayamba sukulu atakula kale, ndipo kusukulu za osamva mwana amayamba wakhala zaka zingapo m'makalasi okonzekera asanalowe Sitandade 1. N'chifukwa chake si zachilendo kupeza mnyamata wa ndevu zake ali Sitandade 6. Vuto lachitatu, lomwe ndi lalikulu kwa achinyamata, ndi lakuti zambiri mwa sukulu zapaderazi ndi zapulayimale. Mwana amaleredwa bwino zaka zonsezo, koma akangokhoza mayeso a Sitandade 8 chitetezo chija chimatha, ndipo amakalowa m'kalasi ya Fomu 1 momwe mwina palibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumuyankhula.

Gulu lachiwiri: sukulu za onse zokhala ndi chipinda chothandizira

Pagulu ili ophunzira aulumali amakhala m'kalasi imodzi ndi anzawo, koma pasukulupo pamakhala chipinda chapadera, chimene aphunzitsi amachitchula kuti risosi, ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri odziwa ntchitoyi. Kupulayimale njirayi inayamba kale m'malo monga Malingunde ku Lilongwe, Ekwendeni ku Mzimba ndi Nazombe ku Phalombe. Kusekondale imapezeka m'sukulu zina zikuluzikulu za boma zogonera komweko monga Blantyre Secondary School ndi Lilongwe Girls.

Ntchito imayenda motere. Wophunzira wosaona amamvetsera phunziro m'kalasi monga wina aliyense, n'kumalemba manotsi ake pa makina a Perkins kapena pa kachipangizo koboolera pepala ndi dzanja. Mphunzitsi wa ku risosi amasandutsa mafunso a mphunzitsi wa kalasi kukhala a Braille, ndipo wophunzira akayankha, amatembenuzanso mayankhowo kuti mphunzitsi wa kalasi athe kuwachonga. Bungwe la mayeso la MANEB nalo limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu, komanso limawonjezera nthawi yolembera.

Kwa mwana wosaona, njirayi ine ndimaiona kuti ndiyo yabwino koposa, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana wosaona alibe vuto la chiyankhulo. Chichewa amachidziwa monga wina aliyense, nthabwala za m'hositelo amazimva, pa mtsutso wa m'kalasi amayankha nawo. Chimene amasowa ndi njira yowerengera ndi kulembera, ndipo chimenechi chipinda chothandizira chikhoza kumupatsa. Amakula pakati pa anthu openya, omwe ndi anthu amene adzagwire nawo ntchito mawa, ndipo anzakewo amaphunzira kuti kusaona sikuchotsa nzeru. Ophunzira osaona amene afika ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba n'kumaliza madigiri awo ndi umboni woti njirayi ikhoza kubala zipatso.

Komabe sitinganene kuti zonse zili bwino. Buku limodzi losindikizidwa likasandutsidwa la Braille limakhala mabuku angapo onenepa, pepala lake ndi lodula, ndipo silabasi ikasintha mabuku a Braille amabwera mochedwa. Makina a Perkins akawonongeka amakhala nthawi yaitali osakonzedwa. Kwa zaka zambiri ophunzira osaona ambiri akhala akusiya masamu ndi sayansi akafika kusekondale chifukwa chosowa zipangizo zojambulira zithunzi zomvera ndi zala komanso aphunzitsi odziwa masamu a m'Braille. Pamene yunivesite za boma zimafuna makirediti 6 pa mayeso a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, wophunzira amene wachepetseredwa maphunziro osankha amalowa mumpikisano manja ake ena atamangidwa kale.

Kwa mwana wosamva, chipinda chothandizira pachokha sichikwanira. Mphunzitsi mmodzi wodziwa chinenero chamanja sangakhale mu Fomu 1, Fomu 2, Fomu 3 ndi Fomu 4 nthawi imodzi. Pamene iye ali kwina, wophunzira wosamva amangoyang'ana milomo ya mphunzitsi wa Bayoloje, amene nthawi zambiri amayankhula atatembenukira kubolodi. Madzulo amapita ku risosi kukapempha kuti amufotokozere m'mphindi 30 zimene anzake aphunzira tsiku lonse.

Gulu lachitatu: sukulu yoyendera yapafupi

Ana ambiri a kwa Dzoole ndi a ku Ntchisi amene amafika kusekondale amapita kusukulu zoyendera za CDSS, zimene zinakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kuchokera ku ma DEC akale. Malinga ndi malamulo, sukulu yotere siyenera kubweza mwana chifukwa cha ulumali. Ubwino wake ndi woti mwana amagona kwawo, amadya nsima ya amayi ake, amakhalabe m'gulu la anzake a kutchalitchi ndi a kubwalo la mpira, ndipo banja silisowa ndalama ya ulendo wautali.

Pali magulu a ana amene sukulu yotereyi ingawathandize bwino popanda kuwononga ndalama zambiri. Mwana wachialubino, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu otere oposa 134,000 m'dziko muno, amafunika kukhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, kulemberedwa zilembo zikuluzikulu, kuloledwa kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, kupatsidwa mafuta oteteza khungu, ndi kuperekezedwa panjira chifukwa cha nkhanza zimene anthu achialubino akhala akuchitiridwa. Mwana woyendera ndodo kapena njinga ya olumala amafunika pokwerera popanda masitepe, khomo lotakasuka ndi chimbudzi chimene angalowemo osakwawa pansi. Mwana wa khunyu amafunika mankhwala ake ochokera kuchipatala ndi anzake odziwa kuti matendawa sapatsirana. Kutumiza ana oterewa kutali ndi kwawo n'kuwalanga popanda mlandu.

Koma kwa mwana wosaona kotheratu kapena wosamva kotheratu, CDSS yopanda mphunzitsi wapadera imangomupatsa desiki ndi dzina m'kaundula. Pasukulu yoyendera imene ndinaphunzirapo panali mnzathu wina amene makutu ake anatsekeka atadwala ali Sitandade 5. Makope ake anali aukhondo kuposa athu tonse chifukwa ankakopera chilichonse cholembedwa pabolodi, koma zimene mphunzitsi wafotokoza pakamwa zinkamudutsa. Aphunzitsi athu sanali ankhanza. Iwo sanaphunzitsidwe chochita naye. Ndinganene kuti anakhala nafe zaka zinayi, koma sindinganene kuti anaphunzira nafe. Kulinso aphunzitsi oyendera ana aulumali m'sukulu zosiyanasiyana, koma mmodzi amapatsidwa sukulu zambiri, ndipo amene amadziwa misewu ya m'mapiri a ku Ntchisi nthawi ya dzinja angavomereze kuti panjinga yakapalasa munthu sangafike paliponse.

Muyeso wake ndi chiyankhulo

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wosamva akhoza kungowerenga milomo ya mphunzitsi. Tiyeni tiyese ndi Chichewa chathu chomwechi. Imani pagalasi n'kunena mawu awa osatulutsa liwu: pala, phala, bala, mbala. Milomo imatsekeka ndi kutseguka mofanana pa mawu onsewa, chikhalirecho wina akunena za chakudya cha m'mawa, wina za chilonda, wina za wakuba. Chimene chimawasiyanitsa ndi mpweya, mphuno ndi kholingo, zinthu zimene diso silingaone. Onjezanipo kuti Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukwera kapena kutsika kwa liwu, monga mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika, kapena khungu la pathupi ndi khungu la kusaona. Ngati zili chonchi m'Chichewa, nanga m'Chingerezi, chiyankhulo chophunzitsira kusekondale, chimene mwanayo sanachimvepo chibadwire?

Maganizo oti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha anakhazikika pamsonkhano wa aphunzitsi ku Milan m'dziko la Italy m'chaka cha 1880, ndipo anafalikira m'mayiko ambiri. Sukulu zathu zoyamba za osamva nazo zinatsamira kwambiri pa kuwerenga milomo ndi kuphunzitsa ana kutulutsa mawu. Mu 1960 William Stokoe wa ku koleji ya Gallaudet ku Washington anaonetsa kuti chinenero chamanja cha ku America ndi chiyankhulo chokwanira, chokhala ndi malamulo akeake. Kapangidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo laikidwa, kayendedwe kake ndi maonekedwe a nkhope zimagwira ntchito imene mawu amagwira m'Chichewa. Chinenero chamanja cha ku Malawi nachonso ndi chiyankhulo pachokha, si Chichewa cholembedwa m'malere, ndipo bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa dikishonale yake yoyamba m'chaka cha 2021.

Chimene chinachitika ku Nicaragua chili ndi phunziro kwa ife. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ana osamva amene ankakhala aliyense payekha m'makomo anasonkhanitsidwa pasukulu ina mumzinda wa Managua. Aphunzitsi ankalimbikira kuwaphunzitsa Chisipanishi cha pamilomo osaphula kanthu kwenikweni, koma pabwalo la masewero ndi m'mabasi anawo anayamba kuyankhulana ndi manja, ndipo m'zaka zochepa panabadwa chiyankhulo chatsopano chimene akatswiri akuchifufuzabe. Phunziro lake ndi lakuti chiyankhulo chimamera pagulu. Ana osamva oposa 90 mwa 100 aliwonse amabadwa kwa makolo akumva, choncho pakhomo sapezapo chinenero chamanja. Kumuika mwana wotere yekha pakati pa ana 80 akumva, n'kumati taphatikiza, ndi kumupatula koposa mmene sukulu ya ku Mua ingamupatulire. Ngakhale chikalata cha ku Salamanca chija chinavomereza kuti chifukwa cha nkhani ya kulumikizana, ana osamva mwina angathandizike bwino m'sukulu zapadera kapena m'makalasi apadera a m'sukulu za onse. Pangano la United Nations nalo, mu ndime 24, limalamula maboma kuthandiza ana kuphunzira chinenero chamanja.

Pali kusiyananso pakati pa ana osamva eni akewo. Wobadwa wosamva ndi wosiyana ndi amene anagontha atadziwa kale Chichewa chifukwa cha malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi kapena mafinya a m'khutu. Wachiwiriyu akhoza kupindula ndi kachipangizo kothandiza kumva ndi mpando wakutsogolo. Woyambayo amafunika chiyankhulo chonse. Kusankha sukulu popanda kumuyeza mwana kuchipatala ndi kufunsa aphunzitsi odziwa ndi kuponya mwala mumdima.

Chiyankhulo chathu ife akumva ndi openya chilinso ndi mlandu wake. Mayina a anthu m'Chichewa kawirikawiri amakhala m'gulu la mu- ndi a-, monga munthu ndi anthu, mwana ndi ana. Koma taonani mawu monga chilema ndi chitsiru: ali m'gulu la chi- ndi zi-, limodzi ndi chingwe, chitseko ndi chipande. Mudzi umene umatchula mwana ngati chinthu sungavutike kumufunira sukulu. N'chifukwa chake kunena kuti munthu waulumali, mwana wosamva kapena mwana wachialubino si mwambo wa m'maofesi chabe.

Zimene ena anganene

Ena anganene kuti boma lilibe ndalama, ndipo pamene ana ambirimbiri akuphunzirira pansi pa mtengo si nzeru kuwononga chuma pa ana ochepa. Umphawi wa dziko lathu palibe angaukane. Koma Malamulo Oyendetsera Dziko, m'gawo 25, amapereka ufulu wa maphunziro kwa anthu onse, ndipo gawo 20 limaletsa tsankho chifukwa cha ulumali. Palibe pamene pakunena kuti ufuluwu udikire chaka cha zokolola zambiri. Komanso wachinyamata amene tamusiya osaphunzira sasowa ayi. Adzakhalapobe zaka 50 zikubwerazi, akudalira abale ake, pamene akanatha kukhala mphunzitsi, telala kapena mlembi wodzidyetsa yekha.

Ena, makamaka amene amalimbikitsa maphunziro ophatikiza, anganene kuti kusonkhanitsa ana osamva pamalo amodzi ndi kubwerera ku tsankho lakale lobisa ana aulumali kuseri. Nkhawa yawo ndi yomveka, chifukwa m'mayiko ena sukulu zapadera zinasandukadi malo otayirako ana. Komatu cholinga cha kuphatikiza ndi chakuti mwana atenge nawo mbali pa maphunziro, osati kungoti thupi lake lipezeke m'chipinda chimodzi ndi anzake. Ngati gulu la ana osamva lili pasukulu ya onse, likudya, kusewera mpira ndi kupemphera pamodzi ndi ena, koma likuphunzira m'chiyankhulo chimene likumva, pamenepo tapeza zonse ziwiri.

Makolo nawo ali ndi mantha awo, makamaka pa ana aakazi. Mtsikana wosamva kapena wosaona wa zaka 15 akachitidwa chipongwe kutali ndi kwawo, adzauza yani, ndipo adzamumva ndani? Mantha amenewa tisawapeputse. Koma tikumbukirenso kuti mtsikana yemweyo sali pabwino akamatsala yekha pakhomo anthu onse atapita kumunda, alibe ngakhale mawu ofotokozera chimene chamuchitikira. Yankho lake ndi hositelo yokhala ndi mayi woyang'anira wodziwa chinenero chamanja, pamtunda woti makolo akhoza kufikapo ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Chimene chingachitike ku Dowa ndi ku Ntchisi

Maboma a Dowa ndi Ntchisi ali m'chigawo cha maphunziro cha Central East pamodzi ndi Kasungu, Nkhotakota ndi Salima. Pempho langa kwa akuluakulu a chigawochi ndi la Unduna ndi lakuti asankhe sekondale imodzi ya boma pafupi ndi Mponela, pamene msewu wa ku Ntchisi umakumana ndi M1, n'kuilimbikitsa kuti ikhale likulu la ophunzira osamva ndi osaona a maboma awiriwa. Pakhale zogona za anyamata ndi atsikana, chipinda chothandizira chokhala ndi makina a Braille ndi makompyuta owerenga mokweza, ndi aphunzitsi odziwa chinenero chamanja okwanira Fomu iliyonse. Kumwaza aphunzitsi ochepa amene tili nawo, mmodzi uku mmodzi uko, kuli ngati kuthira ndowa imodzi ya madzi m'dimba lonse.

Chachiwiri, anthu osamva amene anamaliza Fomu 4 alembedwe ntchito yothandiza m'makalasi. Iwowa ndiwo eni chiyankhulo, ndipo mwana akaona munthu wamkulu wosamva akulandira malipiro amadziwa kuti sukulu ili ndi kumene ikupita. Chachitatu, chinenero chamanja chiphunzitsidwe mokwanira m'makoleji onse a aphunzitsi, osati kwa sabata imodzi yokha, ndipo bungwe la MANEB liganizire mofatsa za mmene limayesera Chingerezi ndi Chichewa kwa mwana amene ziyankhulo ziwirizi ndi zachilendo kwa iye. Chachinayi, ma CDSS onse akonzedwe pa zinthu zotsika mtengo zija: pokwerera, zimbudzi, mipando yakutsogolo ndi zilembo zikuluzikulu. Izi komiti ya sukulu ndi mafumu akhoza kuziyamba ndi njerwa zawo. Chachisanu, alangizi a zaumoyo, a PEA ndi anyakwawa agwirizane polemba ana aulumali a m'midzi yawo akadali aang'ono, chifukwa m'mera mpoyamba. Mwana wopezeka ali ndi zaka 4 ali ndi mwayi woposa wopezeka ali ndi zaka 14.

Mawu omaliza

Tikayerekeza magulu atatuwa, tikuona kuti sukulu yapadera imapereka chiyankhulo ndi luso koma ili kutali ndipo nthawi zambiri imathera pa Sitandade 8. Sukulu ya onse yokhala ndi chipinda chothandizira imamuyenera wosaona, ndipo ingamuyenerenso wosamva pokhapokha atakhalapo ambiri pamodzi ndi aphunzitsi okwanira. Sukulu yoyendera yapafupi ndi yabwino kwa wachialubino, woyendera ndodo ndi wa khunyu ngati itakonzedwa pang'ono, koma kwa wosamva ndi wosaona kotheratu ndi malo ongotayirapo zaka. Kholo la kwa Dzoole likamasankha lisafunse za kukongola kwa nyumba za sukulu. Lifunse ngati pali mphunzitsi wodziwa kuyankhula ndi mwana wake, ngati pali ana ena onga iye, ngati mabuku alipo m'njira imene iye angawerenge, ndiponso kumene anapita ophunzira aulumali amene anamaliza pasukulupo.

Akuluakulu anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Malungo a usiku umodzi kapena ngozi ya kabaza pa Mponela ikhoza kusandutsa mwana wa aliyense wa ife kukhala mwana amene takamba m'nkhani ino. Sukulu imene tingamangire ana a anzathu lero ndi yomweyo imene ana athu angadzaifune mawa.